Miyala Itatu Yopanda Nambala

Lachisanu, 9 Okutobala 1964, masana, amuna onse atapita kukapemphera swala

Bambo a Radwan,

Mtendere ukhale nanu. Mwadzuka bwanji, inu ndi mawondo anuwo? Ine ndili bwino, mwana wanu Radwan ali bwino, Mulungu atamandike. Tafika amoyo. Munkati nkhalamba ngati ine ikafera m'njira, pepani, sizinatheke. Sitima inatitula ku Aswan, kenako masiku awiri m'boti kukwera mtsinje. Ndinasanza kamodzi kokha, ndipo ndinasanzira nsapato za munthu amene anandiponda phazi, choncho sizinapite pachabe.

Nafisa mdzukulu wanga, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera agogo akowo. Usadumphe mawu. Zilembo zanga n'zokhotakhota chifukwa ndinaziphunzira nditaima pakhomo la shehe kudikira mlongo wanga, koma zimene zikunena n'zowongoka.

Ntchito yanga ndi ya buledi, monga analonjezera kapitawo Shahat. Amuna makumi asanu ndi atatu, uvuni umodzi, akazi awiri: ine ndi Dahiba, wa mtundu wa Anubi, wa mudzi wa tsidya. Mudzi wakewo ndi bwinja tsopano. Anthu anasamutsidwa chifukwa madzi a damu latsopano akubwera, anazula ndi zitseko zomwe, kwatsala agalu okha. Mtanda timauyanika padzuwa kuti ufufume ngati kwathu, koma dzuwa la kuno lilibe ulemu. Ukatembenuka kuti udzikande pamsana, wafufuma kale.

Kachisi wakale wa pano akumuphwasula mwala ndi mwala kuti akamumangenso paphiri pomwe madzi sadzafika. Ndinamufunsa Shahat kuti, "Nyumba za amoyo mwazisiyira nsomba, ya akufa ndiye mukuisenza pamutu?" Iye akuti, "Amake Radwan, munabwera kudzaphika kapena kudzaweruza?" Ndinati zonse ziwiri, kungoti mukundilipira chimodzi.

Radwan amupatsa ulonda wa bwalo la miyala. Mwala ukatsitsidwa amaugoneka pamchenga m'mizere kudikira boti lalikulu, ndipo palibe wolowamo iye osadziwa. Amayenda ndi wenzulo pakhosi, chifuwa patsogolo. Tsiku lachiwiri anandionetsa m'kati mwa kachisi momwe sanagumule. Makoma onse ndi anthu osemedwa, amuna ofiira, akazi achikasu, aliyense wayang'ana cham'mbali ngati anayambana. Pali wina wa mutu wa ng'ona, wakhala pampando, anzake akumubweretsera chakudya. Ndinati, Radwan, taona bambo ako anafika kale kuno.

Shuga kuno ndi wa mabwana okha, anyezi mtengo wake kawiri wa kwathu ku Quft. Ndatumiza mapaundi awiri pa positi. Mugule msipu wa njati yathu ya mkaka, osati fodya. Nkhunda zanga zisaphedwe ine kulibe, ndimazidziwa nkhope.

Nafisa, chija unandinong'oneza poyatsa moto sindinaiwale.

Ndine,
Bakhita


Lachisanu, 30 Okutobala, madzulo asanafike

Bambo a Radwan,

Mtendere. Kalata yanu yafika, ndakondwa kuti mukupuma. Ife tili bwino. Mukuti njati yachepetsa mkaka chifukwa ikundisowa. Ikusowa msipu, ndipo nonse awiri mukudziwa komwe msipuwo unapita.

Nafisa, pano tseka pakamwa, werenga ndi maso okha. Agogo akowo uwauze kuti ndikunena za singano ndi ulusi.

Ndamva kuti apongozi ako a Wadida ayamba kuyendera nyumba za atsikana, kufunira mwamuna wako mkazi wachiwiri. Zaka zitatu zokha! Iwowo anakhala zisanu asanabereke, ndipo atabereka anabereka chija tikuchionachi. Usalire. Chinthu chija ndachipeza.

Mayi anga anachita chomwechi kuti ine ndibadwe. Mkazi amapita yekha, osalankhula ndi munthu popita ndi pobwera, amakanda mwala wa anthu akale, fumbilo ndiye mankhwala. Pakhomo la kachisi uno ndaona ndi maso anga timaenje tosalala timene akazi anzathu anasiya kalekale. Ndinaikamo chala, chinakwana ndendende. Koma pakhomopo tsiku lonse pamakhala azungu ndi zingwe zawo zoyezera.

Ndiye Lachisanu lapitali, amuna ali ku swala, azungu ali m'tulo ta masana, ndinalowa m'bwalo la bambo ako Radwan chakumtsinje, supuni ili m'chifuwa. Nkhope zosemedwazo sindinazikhudze, ndinachita nazo manyazi. Ndinazungulira kumbuyo kwa miyala. Mwana wanga, kumeneko ndinapeza zolemba za akalewo, zofiira ngati magazi a lero, zaka zonsezi osafufutika. Ndinati mphamvu ili apa. Ndinakanda miyala itatu ya kumapeto kwa mzere, mwala umodzi chaka chimodzi, mpaka kufiira konse kunagwera pansalu. Pobwerera Dahiba anandifunsa komwe ndinali. Ndinangomudutsa duu, mpaka lero akuti ndine wamwano.

Kamfundo ka fumbilo kali m'kati mwa buledi wouma amene ndapatsira Gad, yemwe akubwerera kumudzi ndi phazi lotupa. Utsine pang'ono, usungunule m'madzi, umwe m'mawa masiku asanu ndi awiri. Lina ndasunga kuno, mwina Gad angadye buledi ndi mankhwala omwe. Mtima wanga wakhala pansi, ndikugona ngati khanda.

Tsopano tsegula pakamwa.

Bambo a Radwan, madzi akukwera. Mtengo wa kanjedza umene tinkakhala pansi pake pofika, tsopano waima m'madzi mpaka m'chiuno. Mphodza zakwera ndi kirishi imodzi. Denga la khola mulikonze kusanazizire, ndipo musakwerepo nokha. Ndilibe nthawi yobwera kumaliro.

Bakhita


Lachiwiri, 17 Novembala, m'mawa, mtanda uli padzuwa

Bambo a Radwan,

Mtendere. Tili bwino. Radwan sakudya kwenikweni, koma ndi kutentha.

Boti lalikulu linabwera kudzatenga mzere woyamba wa miyala. Lapita, koma itatu yatsala pamchenga. Kwakhala kaphokoso. Akuti mwala uliwonse uli ndi nambala yake yosonyeza pomwe udzakhale paphiripo, ndiye itatuyo yapezeka yopanda nambala. Mzungu wamtali amene amasunga zithunzi wafiira khosi, akuyenda uku ndi uku ngati tambala wolumidwa ndi chinkhanira. Ine za manambala ndidziwa chiyani, ndine wa buledi.

Amuna akamadya amatsitsa mawu Radwan akamadutsa. Dzulo wina anati amalonda a zinthu zakale amayenda ndi timabwato m'bandakucha, ndipo mwala wopanda nambala ndi mwala wopanda mwini. Ndinamupatsa buledi wopserera. Mawa adzalandiranso wopserera.

Mwezi uno sinditumiza kanthu, dikirani kaye. Zakiya mkazi wa Radwan musamuuze za kaphokosoka, mtima wake ndi wa nkhunda.

Nafisa, iwe unafika kalasi yachinayi. Kodi azungu nambala amailemba ngati ife? Ndikungofunsa.

Bakhita


Lachisanu, 27 Novembala, masana

Bambo a Radwan,

Mtendere. Ine ndili moyo. Radwan amulanda wenzulo. Kuyambira dzulo ali m'nyumba yosungiramo zitsulo, chitseko chokhoma, mpaka Lachinayi pomwe boti la apolisi lidzafike ndi bwana woyang'anira zakale. Akuti anafufuta manambala kuti miyalayo aigulitse. Akuti zoterezi n'zaka zambiri kundende. Amufunsa katatu, iye akungoti sindikudziwa kanthu. Chakudya ndimamupatsira pazenera, amalandira osandiyang'ana. Musagulitse njati, musakwere sitima, khalani pomwepo.

Nafisa, maso okha.

Leka kumwa chija. Lero lomwe.

Lolemba ndinakapereka buledi kufupi ndi bwalo. Ndinaona mzungu wamtali atagwada kumbuyo kwa mwala umene unangotsitsidwa, kachitini ka utoto wofiira pambali, akulemba. Ndinayang'ana zimene ankalembazo. Anali manambala ofiira ngati zija ndinakanda, ndinakhala pansi pamchenga ndi dengu lomwe.

Zaka makumi asanu ndi limodzi pakamwa panga sipanatsekedwe ndi munthu, lero patsekeka pokha. Ndikanena, adzandifunsa kuti fumbilo linali la yani. Theka la amuna a pano ndi a ku Quft. Nkhani ikafika kwa apongozi ako ine ndisanameze malovu, ndipo adzati, mwaona, ngakhale agogo ake avomera kuti n'chumba.

Dahiba m'mawa uno ananyamula supuni yanga, anaitembenuza, akuti, "Mchemwali, supuni iyi yadya chiyani kuti ithe mbali imodzi?" Ndinati mphodza za kuno n'zolimba. Iye akuti, "Eya. Zolimba ngati mwala." Anaiika pafupi ndi phazi langa n'kupita kukasonkheza moto.

Ndipempherere, mwana wanga.

Bakhita


Lamlungu, 6 Disembala, m'mawa, nditamwa tiyi makapu awiri

Bambo a Radwan,

Mtendere, ndipo ulendo uno ndikunena zoona. Radwan watuluka. Wenzulo ili pakhosi pake, wadya buledi atatu ndi anyezi, akunenepa ndikumuona. Mulungu ndi wamkulu. Khalani pansi, tambasulani mawondo anuwo, nkhaniyi ndi yaitali. Nafisa, ubwerere ku makalata aja uwawerengere zonse zimene ndinakubisitsa. Akwiye kamodzi.

Lachinayi boti linafika dzuwa litakwera. Munatuluka apolisi awiri ndi bwana woyang'anira zakale, wa magalasi, woonda ngati bango, wosafika ndi msinkhu wa Radwan womwe. Anawaikira tebulo pansi pa tenti. Amuna onse anasiya ntchito n'kuzungulira. Radwan anamubweretsa ndevu zitamera, maso ali pansi. Nditamuona choncho ndinapukuta manja, ndinatenga supuni ndi kamfundo kaja ndinasunga.

Dahiba akuti, "Mtanda ufufuma, ukupita kuti?"

Ndinati, "Ufufume mpaka ku Cairo."

Ndinakankha amuna ndi chigongono mpaka patebulo. Shahat akuti, "Amake Radwan, buledi saphikira pano."

"Lero aphikira pano. Miyala ija ndinakanda ndine."

Anaseka, Bambo a Radwan. Amuna amene ndimawadyetsa ndi manja angawa, anaseka. Wapolisi wonenepa akuti, "Agogo, pitani mukapume. Ku Kom Ombo mayi wina analumbira kuti ndiye anaba ngamila zinayi, pomwe ndi bulu yemwe sankatha kukwera."

Ndinati, "Mwana wanga, ine bulu ndimakwera, ndipo wonenepa kuposa iwe ndinamuwongolapo." Ndinaponya supuni patebulo, ndinamasula kamfundo. Kuseka kunachepa.

Bwana wa magalasi anaitola supuniyo, anaiyang'ana mbali yothayo, anagwira fumbi ndi chala. Akuti, "Amayi, munkafuna chiyani kumbuyo kwa miyala?"

"Fumbi."

"La chiyani?"

Apa Radwan anadzutsa mutu koyamba. "Amayi, khalani chete!"

Ndinati, "Iwe, bambo ako akhala akuyesa zaka makumi anayi, ukuganiza kuti ungathe lero?" Ndinapuma, ndinayang'ana bwanayo m'magalasi mwake, ndinati, "La mkazi amene mimba yamuchedwera."

Wapolisi ananyambita pensulo, akuti, "Dzina la mkaziyo?" Bwana anaika dzanja papepala lake, akuti, "Zimenezo sitilemba." Mulungu amupatse ana khumi mnyamata ameneyo. Koma Nafisa, sindikunamiza: a ku Quft anayang'anana. Radwan ali ndi mwana wamkazi mmodzi wokwatiwa, ndipo iwo amatha kuwerenga mpaka pamenepo.

Tonse tinatsata bwanayo kubwalo. Anagwada kumbuyo kwa mwala woyamba, anaika supuni m'mizere ija ndinakanda, inalowa ngati phazi mu nsapato yake. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi. Anavula magalasi, anapukuta maso, ine kumati akulira. Ankaseka. Akuti, "Kwathu ndi ku Edfu. Khoma la kachisi wa kwathu lili ndi timaenje totere kuyambira pansi mpaka pomwe dzanja la mkazi limalekeza. Agogo anga ankandilozera kamodzi n'kumati, aka ndiwe."

Shahat anamumasulira mzungu wamtali. Mzunguyo anagwira mutu ndi manja awiri, analankhula kwa nthawi yaitali. Ndinafunsa kuti akuti chiyani. Shahat akuti, "Akuti Mulungu akudalitseni." Ndinati, "Shahat, ndine mbuli koma si wakhungu. Nkhope imeneyo si yodalitsa."

Kenako Shahat yemweyo anatambasula manja, akuti, "Koma amake Radwan! Macheka athu amagwetsa fumbi la miyala yomweyi madengu madengu tsiku lililonse, timalisesera mumtsinje. Bwanji osangopempha?"

Ndinati, "Fumbi la macheka ndi la amuna makumi asanu ndi atatu otukwana ndi kulavula. Ungamwetse mwana wako limenelo? Ndipo chopempha sichigwira ntchito, funsa mkazi wako."

Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Shahat ali ndi ana asanu ndi anayi, kwawo anamaliza kachisi yense!" Ndi wapolisi wonenepa yemwe anagwira mimba.

Miyala itatuyo anaiyerekeza ndi zithunzi zawo, dzuwa lisanalowe anali ataipezera malo ake. Umodzi unali phazi la mfumu, wina mapiko a mbalame, wachitatu theka la mtsuko. Sabata zitatu za mantha chifukwa cha theka la mtsuko! Ine andiletsa kuponda m'bwalo mpaka kufa. Mzungu ankafuna andikweze boti lomwelo, koma madzulo amenewo amuna anadya buledi wa Dahiba yekha, wowawasa, ndipo m'mawa mwake nkhani yondichotsa panalibe woikumbuka.

Nafisa, ndinamufunsa bwana pambali za utoto uja. Akuti ngati unangotsina pang'ono sufa, koma lotsalalo ulitaye.

Dzuwa likulowa, Radwan anabwera kuuvuni, ndinamuthirira tiyi. Kenako ndinati, "Unkadziwa?"

Akuti, "Kuyambira tsiku loyamba. Mizere yonse inapendekera kumanzere, ndipo wamanzere pamsasa uno ndinu nokha. Mapazi anu pamchenga ndinawasesa ndisanaimbe wenzulo."

"Ndiye ukanapita kundende chifukwa cha supuni?"

"Chifukwa cha Nafisa, amayi. Ikanakhala nkhani ya inu nokha, ndikanakuperekezani ndekha kuboti."

Ndinamukwapula ndi nsalu yopukutira mbale. Kenako utsi unandilowa m'maso. Uvuni unali utazima, koma zimenezo si zanu.

Ndatumiza mapaundi atatu. Iphani nkhunda ziwiri, zija zaulesi za pakona, mudye ndi Zakiya.

Bakhita


Lachisanu, 1 Januwale 1965, masana, mphepo ikuzizira

Bambo a Radwan,

Mtendere. Tili bwino tonse. Makalata anu awiri afika pamodzi. Mwanditchula mayina asanu ndi limodzi. Anayi ndawavomera, awiriwo tidzakambirana. Mwezi wosala kudya uli pakhomo, mugule tirigu msanga asanakwere. Mzere womaliza wa miyala ukwera boti mwezi uno, ndipo pomwe panali kachisi tsopano pakusambira abakha.

Koma zimene mwalemba zandiwawa. Ndinkaopa kuti kumudzi kufika nkhani ya fumbi. Ayi, kwafika ya chitseko chokhoma yokha. Amene anabwerera Radwan ali m'nyumba ya zitsulo anafalitsa kuti ndi wakuba miyala, ndipo a ku Quft amene anaona mapeto ake onse akadali kuno. Atumiza makalata kwawo koma za Nafisa palibe walemba ndi liwu limodzi. Ndinawayesa agalu, koma ndi anthu. Kungoti kukhala chete kwawoko kwasiya dzina la Radwan m'matope. Mukuti Zakiya sapitanso kukatunga madzi masana, ndipo ku mzikiti amuna akumasiya mpata pakati pa inu ndi iwo.

Nafisa, kapepala kako kaja unaika pansi pa kalata ya agogo ako ndakawerenga katatu. Ukuti, "Agogo, nenani zonse. Kuti ndilibe mwana mudzi wonse ukudziwa kale, umaona ndi maso. Kuti bambo anga si wakuba ndiye sukudziwa. Apongozi achite zimene akufuna." Ndinamuwerengera bambo ako. Anadzuka n'kupita kukayang'ana miyala imene sinafune kuyang'anidwa. Iwe mwana, msana umenewo sunautenge kwa agogo ako aamuna.

Ndiye ndikulemba zazikulu, kuti ndi wamaso ofooka yemwe aone.

Radwan mwana wa Mahran sanabe mwala, sanagulitse mwala, sanafufute nambala. Bwana wa boma anamumasula pamaso pa anthu makumi asanu ndi atatu, ndipo ulonda wake anamubwezera. Manambala ndinakanda ndine mayi ake, ndi supuni, Lachisanu masana, pofunira mdzukulu wanga fumbi la kachisi monga amachitira akazi a kwathu kuyambira kale. Utoto wa mzungu ndinauyesa zolemba za akale. Radwan anadziwa, anakhala chete sabata yathunthu m'nyumba yokhoma kuti mwana wake asasekedwe. Mkazi amene mayi ake kapena agogo ake sanakandepo khoma, ameneyo ayambe kuseka.

Bambo a Radwan, kalata iyi isagone m'thumba mwanu pamodzi ndi fodya. Mukaimva, ipite kwa Zakiya. Zakiya akaisiye kwa shehe, aiwerenge pakhomo la mzikiti anthu asanavale nsapato. Kuchoka apo ipite nyumba ndi nyumba mpaka kwa a Wadida, ndipo wowawerengera akweze mawu, paja amagontha akafuna. Wina akatsala ndi funso, mumuuze kuti Bakhita afika pa chikondwerero cha Idi ndi sitima ya m'mawa, adzandifunse ndekha.

Ndine,
Bakhita, amake Radwan